Masamba a Mango pa Njira ya Njinga

1. Njira ya m'phiri

Phiri la kuseri kwa mudzi wa kwawo kwa Zubair, kumtunda kwa Malindi, linalibe ntchito ina kupatula nkhuni, mbuzi ndi anyani. Kenako kunabwera anthu a loji ina ya m'mbali mwa nyanja ndi mapiki, makasu ndi mawilibala. Analemba ganyu anyamata a midzi iwiri, wakunsi komwe Zubair ankakhala ndi wakumtunda, ndipo mvula isanagwe anali atasema njira yokhotakhota kuchokera pamwamba pa phiri mpaka kuseri kwa sukulu.

Sinali njira yopita kuchigayo ayi. Inali ya njinga. Njinga zakenso osati zomwe timazidziwa ife. Zinali za matayala onenepa ngati mkono wa munthu wamkulu, magiya ambirimbiri, koma zopanda keliyala.

Mayi ake a Zubair, mayi Ajira, ataiona imodzi anangopukusa mutu. Anafunsa kuti njinga yosanyamula ngakhale dengu limodzi la usipa ndi njinga yanji. Iwo anali mayi wamasiye, ntchito yawo kuyanika usipa pathandala n'kukagulitsa. Nthawi yosirira zoseweretsa analibe.

Koma Zubair, mnyamata wa Fomu 2, mtima unali utapita kale. A lojiwo anatsegula kalabu ya ana a sukulu ndipo anabweretsa mphunzitsi wa zanjinga, a Bonface, ochokera ku Zomba. Loweruka lililonse anawo ankabwerekedwa njinga, zipewa zolimba zofanana zonse, komanso magalasi akuda otchinga fumbi. A Bonface ankagoneka zipika ndi nthambi panjira kuti anawo aphunzire kudumpha osatsika. Pa zodumphazo Zubair analibe mnzake.

2. Mawu a che Jaffalie

Njirayo sinatsegulidwe mophweka. Chakumunsi kwake inkadutsa m'mphepete mwa mudzi wakumtunda, n'kudula kanjira kopita kumanda. Anthu akumeneko anakana. Amene anathetsa mkanganowo anali che Jaffalie, mkulu wosambitsa maliro kumzikiti, yemwe munda wake ndi womwe unayenera kudulidwa.

Tsiku la msonkhano anaitanitsa ana onse a kalabu kuti akhale kutsogolo. Analankhula ali chikhalire, akutsokomola pang'onopang'ono.

"Ana anga, malo ndakupatsani. Chinangwa cha pamenepo sichinkabala n'komwe. Koma tcherani khutu. Njira yanuyo ikudula njira yathu ya kumanda. Ife tinayamba kuyenda pamenepo inu musanabadwe, ndipo tonse takhala panofe tidzadutsapo tsiku lina titanyamulidwa. Tsono mukadzaona masamba aawisi atayalidwa modula njira, musadzafunse kuti wamwalira ndani. Mudzatsike. Mudzavule zigoba zanuzo kumutu, mudzakankhe njinga mpaka mutapitirira masamba achiwiri. Wakabaza amatsika ali ndi munthu kumbuyo. Waminibasi, ndi changu chake chonsecho, amazimitsa wailesi n'kuyenda ngati nkhono. Inu mwapambana ndani? Wakufa sapempha zambiri. Amangopempha kuti paulendo wake womaliza mumupatse njira. Mukasunga zimenezi, palasani mpaka mudzakalambe. Mukaphwanya, musadzadabwe ana angawa akadzabzalamo minga."

Bambo wina anafunsa kuti ana a masiku ano angawakhulupirire ndani. Pamenepo mayi Ajira anaimirira kumbali ya azimayi. Sanali munthu wolankhula pagulu, koma tsikulo analankhula.

"Za ana a eni sindinganene. Koma wangayu akadzaphwanya, mudzandifunse ine."

Onse ankadziwa chifukwa chake. Bambo ake a Zubair atamira ndi bwato, thupi lawo linavuuka litakhalitsa m'madzi, moti ngakhale abale ankaima patali atagwira mphuno. Che Jaffalie ndi amene anatsika phiri, n'kupinda malaya, n'kulisambitsa, n'kulikulunga mu sanda, nsalu ya maliro, ndi manja awo.

3. Tsiku losankha

Patapita miyezi, a Bonface analengeza kuti ku Zomba kudzakhala mpikisano wa ana a sukulu, ndipo kalabu yawo itumiza atatu okha. Loweruka lotsatira aliyense adzatsika phiri kamodzi, iwo atagwira wotchi kumunsi. Kamodzi basi, palibe zobwereza. Atatu othamanga kwambiri ndiwo adzapite.

Zubair anali asanapitirirepo pa boma pa Mangochi. Sabata yonseyo pakamwa pake panali Zomba yekhayekha.

Loweruka m'mawa mayi Ajira anamupeza akumanga nsapato, madzi asanatunge. Kabudula amene anavala anali wa sukulu wakale, womwe iwo anauika chigamba cha chitenje chobiriwira kumatako.

"Iwe Zuba, ima kaye. Ine ndilibe nthawi, usipa ukundidikira, ndiye ndinena kamodzi. Ukathyoka mwendo kumeneko, wokusenza kupita nawe kuchipatala ndine, ndipo msana wanga uwu watha kale. Ukakumana ndi mayi wosenza nkhuni, iyeyo sangadumphe, woima ndiwe. Ukagunda mbuzi ya mwini, mbuzi yobwezera ine ndilibe. Ndipo za masamba zija usaiwale. Ine ndinaimirira pamaso pa anthu n'kupereka dzina langa. Dzinalo ndi limodzi lomwelo, ndilibe lina lovala pa Idi. Maliro n'kulirana, mwana wanga. Ukanyoza a mnzako, pa ako adzakunyamula agalu. Wamva?"

Zubair anati wamva. Anawonjezera moseka kuti anthu samwalira Loweruka.

Mayi ake sanaseke. Anamupatsa mbatata yophika m'kapepala n'kumuuza kuti achoke asanasinthe maganizo. Mwana wa msinkhu umenewo makutu amakhala okongoletsa mutu chabe, ndipo iwo ankadziwa.

4. Yachikasu

Pa njinga zonse za kalabu, imodzi yokha inali yachikasu. Inali yopepuka, mabuleki ake ogwira bwino. Ankaikwera Yasini, mnzake wa Zubair wa pabenchi limodzi kusukulu, chifukwa iye ndi amene ankalawirira kukaitsuka ndi kuthira mafuta tcheni. Kumtunda konse, ngakhale ana ang'onoang'ono, akaona chachikasu chikutsetsereka ankakuwa dzina la Yasini.

A Bonface anagawa anawo pawiri, gulu la m'mawa ndi la masana. Yasini anali la m'mawa. Zinamuvuta: tayala linaterera pakhona, anagwa, n'kufika kumunsi chigongono chikuchucha magazi. Sanadandaule. Anati bambo ake akumudikira kunyanja kuti akasoke ukonde. Asanachoke anakankhira njingayo kwa Zubair.

"Tenga yachikasuyi, aise. Ija yako yobiriwira imalira ngati chigayo. Mmodzi wa ife apite ku Zomba, adzatiuze ngati kumazizira zoona."

"Ndidzakubweretsera mphepo yake m'botolo," anatero Zubair.

Dzuwa litapendeka, gulu la masana linakwera phiri. Njira yokwerera inali ina, ya kuseri, yosadutsa m'mudzi. N'chifukwa chake palibe anadziwa kuti kumtunda zinthu zinali zitasintha chakumasana.

Zubair ndi amene anali woyamba. Anamanga chipewa, anavala magalasi, ndipo mnyamata wothandiza a Bonface atatsitsa mkono, anatchova.

5. Masamba

Njingayo inkamvera ngati ikudziwa kumene akufuna. Anadutsa pamiyala osagwira buleki. Pakhona pomwe anagwera Yasini anapendekera bwinobwino n'kutuluka ali ndi liwiro lake lonse. Anadumpha chigwembe choyamba, anadumpha chachiwiri. Mphepo inkalira m'makutu. Anadziwa kuti sanatsikepo chonchi chiyambire.

Atatuluka m'mitengo, minda ya mudzi wakumtunda inaonekera. Pamenepo anawaona.

Nthambi za mango, zoyalidwa mzere umodzi kudula njira yonse.

Zala zake zinafika pa mabuleki zokha. Koma sizinakoke. Anadziuza kuti mwina ndi a Bonface aika kuti awayese. Linali bodza ndipo ankadziwa. A Bonface ankaika zipika ndi nthambi zouma, ndipo ankaika kumtunda, osati pano. Awa anali masamba aawisi, utomoni ukadali kudontha pothyoka. Ndiponso kunyumba za kumanzere kunali azimayi ambiri atakhala pansi pakhonde, atafunda mipango, utsi ukufuka kuseri.

Kutsika, kuvula chipewa, kukankha njinga mpaka masamba achiwiri: Zomba ikanathera pomwepo. Kutsogolo njira inkaoneka yoyera, yopanda munthu.

Anakoka mahandulo, njinga inanyamuka, masamba anadutsa pansi pake osakhudzidwa ngakhale limodzi. Kunali kudumpha kokongola. Kukanakhala kwina, anthu akanaomba m'manja.

Kenako anakhota pa mtengo wa mbwemba, ndipo anamva mawu a azibambo ambiri akutchula dzina la Mulungu pamodzi.

Jeneza, chonyamulira maliro, linali pakati penipeni pa njira. Azibambo ovala mikanjo ndi zisoti anali atalinyamula pamapewa, akusinthana monga amachitira, akuoloka kupita kumanda.

Zubair anakoka mabuleki ndi mphamvu zake zonse. Tayala lakumbuyo linakhuluzika cham'mbali n'kutibula dothi. Fumbi lofiira ndi timiyala zinawaza onyamula aja kumaso, zinagwera pa nsalu yobiriwira yokuta jeneza. Bambo wina wakutsogolo anadzandira, bondo linagunda pansi, jeneza linapendekeka. Manja ambiri analigwira lisanagwe. Mawu aja anaduka.

Kunali zii. Zubair anali ataima, phazi limodzi pansi, pafupi kwambiri moti akanatha kukhudza nsaluyo. Akanatha kutsika pamenepo. Akanatha kuvula chipewa, kugwada, n'kupepesa. Anthu akanakalipa, mwina akanamuwomba khofi, koma akanaona nkhope ya mwana wolakwa.

M'malo mwake anaona mpata pakati pa anthu awiri akumbuyo. Anaweramitsa mutu, n'kutchova.

Palibe anamuthamangitsa. Anthu onyamula maliro sathamangitsa munthu. Anangomva mawu amodzi kumbuyo kwake, osakuwa n'komwe: "Yachikasu ija."

Masamba achiwiri anawaponda.

6. Kuseri kwa sukulu

A Bonface anayang'ana wotchi, anayang'ana Zubair, anayang'ananso wotchi. Anati ngakhale iwo eni sanatsikepo phiri limenelo mwachangu chotero. Ana a gulu la m'mawa anamuzungulira, akumumenya pamsana. Zubair anaseka nawo, koma maso ali kuphiri.

Anadikira wachiwiri. Sanabwere. Wachitatu, ayi. A Bonface anayamba kuyendayenda.

Patapita nthawi Nasir, yemwe anayenera kukhala wachiwiri kutsika, anatulukira njira ya kuchitsime, akukankha njinga, chipewa chili m'manja, anzake akumutsatira. Anati kumtunda kuli maliro. Ataona masamba anatsika, ndipo mayi wina anawauza kuti azungulire kwina chifukwa anthu kumeneko mitima yawawa. Chomwe chawawitsa mitimayo iye sanafunse.

A Bonface anatembenukira kwa Zubair. Nkhope yawo inali itasintha.

"Iwe sunaone masamba?"

"Pomwe ndimadutsa ine panalibe, sala."

"Ukunena zoona?"

"Panalibe."

Bodza loyamba anadzinamiza yekha paphiri. Lachiwirili linatuluka mosavuta, ndipo ndi mmene mabodza amachitira.

A Bonface anaika wotchi m'thumba. Kenako anati a gulu la masana adzayesanso tsiku lina, koma malo a Zubair ndi otsimikizika. Anati iwo apita kumtunda mawa kukapepesa maliro monga mwa mwambo. Anawauza anawo kuti atsuke njinga azipita kwawo.

Zubair anatsuka yachikasu nthawi yaitali. Pakati pa masipoko panali tsamba la mango lophwanyika. Analichotsa n'kuliponya patchire.

7. Kunyumba

Atafika anapeza usipa uli pathandala wosatembenuza, nkhuku zikudzidyera. Chitseko chinali chotseka. Zimenezi zinali zisanachitikepo. Anathamangitsa nkhukuzo, anaola usipa, anatunganso madzi omwe anawasiya m'mawa. Mwana akayamba kugwira ntchito osatumidwa, pali chimene wachita.

Mayi Ajira anafika dzuwa likadalipo, atafunda mpango wakuda, mapazi ali mbuu ndi fumbi la kumtunda. Anakhala pakhonde n'kuvula masilipasi. Sanayang'ane usipa, sanayang'ane ndowa yodzaza.

Zubair anawapatsa madzi akumwa. Anati wapambana, apita ku Zomba.

"Wapambana," anatero mayi ake. Anamwa madziwo mpaka kutha. "Ine ndinali kumaliro. Sukufunsa kuti a ndani?"

Zubair anafunsa, mawu ali pansi.

"Che Jaffalie. Chifuwa chija chawatenga dzuwa litakwera. Uthenga unandipeza pathandala, ndinasiya zonse."

Zubair anagwira mzati wa khonde.

Mayi ake anapitiriza, osakweza mawu, ngati akunena mtengo wa sopo. Anati munthu amene anasambitsa maliro a midzi iwiri, wosanyansidwa ndi aliyense, wapita kumanda nsalu yake ili ndi fumbi la njinga. Anati amene anagwa ndi bondo ndi mwana woyamba wa che Jaffalie. Anati azibambo atabwerako kumanda sanadye n'komwe, anayamba kufunsana za makasu, ndipo akuti njira ija ikumbidwa maenje sabata isanathe.

"Ndipo onse akuti ndi Yasini. Njinga yachikasu, ndani wina? Mayi ake, mayi Zena, tinali limodzi kuseri tikuphikira anamfedwa. Anabwera azimayi awiri, anawalanda mthiko m'manja, n'kuwauza kuti chakudya cha maliro ano asachikhudze, azipita. Munthu wamkulu ngati uja, anatuluka pakati pa anthu akulira ngati mwana, akuti wanga ali kunyanja, wanga ali kunyanja. Palibe anamumvera."

Mayi Ajira anaika chikho pansi.

"Ine ndinali nditapita kukataya madzi kumpanda pomwe chinthucho chimadutsa. Nkhope sindinaione, zoona. Zipewa zanuzo n'zofanana. Koma anaimirira pa mapedulo kuti adumphe, ndipo ndinaona kumatako kwake." Anatambasula dzanja n'kugwira nsonga ya chitenje chomwe anavala m'chiuno. Chinali chobiriwira, ndipo pakona pake panali podulidwa. "Ndinasoka ndekha chigamba chimenecho. Ulusi unandithera, ndinamalizira ndi woyera."

Zubair anayamba kunena kuti sanadziwe kuti ndi che Jaffalie, akanadziwa akanatsika.

"Khala chete. Anakuuza kuti chiyani mkulu uja? Anati usadzafunse kuti wamwalira ndani. Masamba salembedwa dzina. Akanakhala wamisala wa pamsika, kutsika kunali komweko. Tsono tamvera, chifukwa ndatopa ndipo mutu ukundiwawa. Kulakwa unalakwa podumpha. Kumeneko ndikanati ndi chibwana. Koma unaima, unaona jeneza ndi maso ako, n'kuthawa. Kenako wabwera pano kudzandiuza za Zomba. Ine lero ndaima ngati chitsa mnzanga akuchotsedwa pamaliro chifukwa cha mwana wanga. Pakamwa panandiyabwa, koma ndinati ayi, ndikanena ine, mwanayu adzakhala wobisala kumbuyo kwa chitenje mpaka imvi. Mlandu uwu uli ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo ali ndi pakamwa. Kukumenya sindikumenya, manja anga ali ndi ntchito zina. Koma m'nyumba muno simugona munthu amene mnzake akusenzera katundu wake."

Zubair anakhala pansi, pa dothi. Misozi inayamba kutsika. Anafunsa kuti akakanena, a Bonface adzamulolabe kupita ku Zomba?

Mayi Ajira anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Mpaka pano ukadali pa njinga," anatero. "Sunatsikebe."

Anaimirira kuti akasonkhe moto. Asanafike kukhitchini, kumpanda kunamveka odi. Anali mawu a mzimayi, osasa ndi kulira.

Zubair anasuzumira pa mpata wa mpanda. Anali mayi Zena. Pambali pawo panali Yasini, chigongono chomanga kansalu, singano yosokera ukonde ikadali m'manja. Sankayang'ana nyumba, ankayang'ana pansi. Kumbuyo kwawo kunaima bambo wamtali wovala mkanjo woyera, ndipo pa bondo la mkanjowo panali dothi lofiira.

Mayi Ajira anakonza mpango wawo kumutu. Sanapite kukatsegula.

"Dzuka," anatero. "Alendo ako."